Kuchepetsa magetsi pa nyali zokongoletsera panja

Nyali zokongoletsera panja ndi mababu ang'onoang'ono, nthawi zambiri olumikizidwa pa chingwe chimodzi chachitali, amene anthu amakoleka pa nyumba, m'mitengo, pa mipanda, pa masitolo ndi m'misewu pa nyengo ya zikondwerero. Zimaoneka kwambiri pa Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano ku America, ku Ulaya ndi ku Philippines, pa chikondwerero cha Diwali ku India, komanso m'mwezi wa Ramadan m'mayiko ambiri a Asilamu. Popeza nyalizi zimayaka maola ambiri usiku uliwonse kwa milungu ingapo, magetsi amene zimadya akhala nkhani yaikulu kwa mabanja, makhonsolo a mizinda ndi maboma.

Kuchuluka kwa magetsi amene nyali zimadya kumadalira zinthu zitatu: mtundu wa mababu, chiwerengero chake, ndi maola amene akuyaka. Kubwera kwa mababu a LED kunachepetsa kwambiri magetsi amene babu limodzi limafuna, koma phindu limeneli limatha ngati chiwerengero cha mababu ndi maola oyatsa zikuwonjezeka.

Mbiri

Magetsi asanafike m'nyumba, mabanja a ku Germany ndi mayiko ena a ku Ulaya ankaika makandulo oyaka pa nthambi za mtengo wa Khrisimasi. Mchitidwewu unkayambitsa moto kawirikawiri, choncho makandulowo ankayatsidwa kwa kanthawi kochepa chabe, anthu ali pomwepo.

Mu Disembala 1882, Edward H. Johnson, amene ankagwira ntchito ndi Thomas Edison, anakongoletsa mtengo m'nyumba mwake ku New York ndi mababu 80 ofiira, oyera ndi abuluu. Uwu umadziwika ngati mtengo woyamba wa Khrisimasi kuwalitsidwa ndi magetsi. Pa nthawi ya Pulezidenti Grover Cleveland, mtengo wa ku White House unaikidwanso mababu. Mu 1903 kampani ya General Electric inayamba kugulitsa zingwe zolumikiziratu, moti munthu sankafunikanso kuitana katswiri wa magetsi kuti amulumikizire babu lililonse. Ngakhale zinali choncho, kwa zaka zambiri nyalizi zinali za anthu olemera okha.

Nyali za panja zinafalikira m'zaka za m'ma 1920, pamene nyumba zambiri za ku America zinalumikizidwa ku magetsi. Mu 1923 Pulezidenti Calvin Coolidge anayatsa mtengo woyamba wa dziko lonse ku Washington, wokhala ndi mababu 2,500. Ku Britain, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ya Blackpool inayamba kuwalitsa msewu wake mu 1879 ndi nyali zazikulu 8 zokha, ndipo masiku ano chionetserochi chimafika pafupifupi makilomita 10. Mumzinda wa London, msewu wa Regent Street unayamba kukongoletsedwa ndi nyali za Khrisimasi mu 1954, ndipo Oxford Street unatsatira mu 1959.

Kuchuluka kwa magetsi amene amapita ku nyalizi

Kafukufuku amene unduna woona za mphamvu zamagetsi ku United States unatulutsa mu 2008 anasonyeza kuti nyali zokongoletsera za nyengo ya zikondwerero zinkadya ma kWh pafupifupi 6.63 biliyoni pachaka m'dzikolo. Izi zinali pafupifupi 0.2 peresenti chabe ya magetsi onse amene dzikolo linkagwiritsa ntchito. Komabe mu 2015 akatswiri a bungwe la Center for Global Development anayerekeza chiwerengerochi ndi cha mayiko osauka, ndipo anapeza kuti chinkaposa magetsi onse amene Ethiopia, Tanzania, El Salvador, Nepal kapena Cambodia linkagwiritsa ntchito chaka chathunthu pa nthawiyo, dziko lililonse palokha. Chiwerengero cha 2008 chinatengedwa mababu a LED asanafalikire.

Kuwala kwa nyalizi kumaoneka ngakhale kuchokera mumlengalenga. Mu 2014 asayansi a bungwe la NASA, pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti yotchedwa Suomi NPP, ananena kuti mizinda yambiri ya ku United States imawala kwambiri usiku pa nyengo ya Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano, kuposa nthawi zina ndi 20 mpaka 50 peresenti. Anapezanso kuti mizinda ina ya ku Middle East imawala kuposa masiku onse ndi 50 peresenti kapena kupitirira apo m'mwezi wa Ramadan.

Chinthu china chofunika ndi nthawi imene nyalizi zimayaka. Zimayatsidwa madzulo, pamene anthu abwera kuntchito, akuphika, akuonera TV, ndipo m'mayiko ozizira akutenthetsa nyumba. Iyi ndi nthawi imene magetsi amafunika kwambiri pa tsiku, ndipo makampani opanga magetsi amakakamizika kuyatsa makina owonjezera, amene m'mayiko ambiri amayendera gasi, malasha kapena dizilo.

Mitundu ya mababu

Mababu akale amawala chifukwa cha kawaya kopyapyala ka chitsulo chotchedwa tungsten, kamene kamatentha mpaka kuyera magetsi akamadutsamo. Pafupifupi 90 peresenti ya magetsi olowa m'babu lotere amasanduka kutentha, ndipo ochepa okha ndi amene amasanduka kuwala. Kuti babu lioneke lofiira kapena lobiriwira, galasi lake limapakidwa utoto, ndipo utotowo umatsekereza mbali ina ya kuwala kochepako. Mababu akuluakulu a mtundu wa C9, amene ankakolekedwa m'mbali mwa madenga ku America, amadya pafupifupi mawati 7 lililonse, pamene a C7 amadya pafupifupi mawati 5. Chingwe cha timababu ting'onoting'ono 100 ta mtundu wakale chimadya pafupifupi mawati 40.

Mababu a LED alibe kawaya kotentha. Kuwala kumachokera m'kachidutswa kakang'ono ka zinthu zotchedwa semiconductor, ndipo mtundu wa kuwalako umadalira zinthu zimene kachidutswako kapangidwira. LED yoyamba yowala mofiira inapangidwa ndi Nick Holonyak mu 1962 ku General Electric. Kwa zaka pafupifupi 30 panalibe LED yabuluu yowala bwino, mpaka pamene Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura a ku Japan anaipanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ntchito imeneyi inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 2014. LED yabuluu ndi imene inatheketsa kupanga kuwala koyera, ndipo kuchokera pamenepo zingwe za LED za mitundu yonse zinayamba kugulitsidwa m'masitolo.

Malinga ndi unduna woona za mphamvu zamagetsi ku United States, mababu a LED amadya magetsi ochepa ndi 75 peresenti kapena kuposerapo poyerekeza ndi akale, ndipo amatha kukhalitsa kuwirikiza mpaka ka 25. Chingwe cha mababu 100 a LED nthawi zambiri chimadya pakati pa mawati 5 ndi 10. Mababuwa satentha kwambiri, choncho savuta kuyambitsa moto pa masamba ouma kapena nsalu. Ambiri amakutidwa ndi pulasitiki yolimba m'malo mwa galasi, moti sasweka msanga akagwa kapena akawombedwa ndi mphepo. Vuto lake ndi lakuti amagulidwa pa mtengo wokwera kuposa akale, ndipo zingwe zotsika mtengo kwambiri zimawonongeka msanga madzi akalowa m'malo olumikizira.

Kawerengedwe ka magetsi

Magetsi amagulitsidwa m'ma kWh. Ku Malawi ndi ku Zambia, yuniti imodzi ya pa mita yolipiriratu ndi kWh imodzi. Kuti munthu adziwe mayunitsi amene nyali zidzadye, amachulukitsa mawati ndi maola, kenaka n'kugawa ndi 1,000. Mawati amalembedwa pa bokosi kapena pa kapepala komatidwa pa chingwe.

Chitsanzo ndi nyumba imene yakolekedwa zingwe 10 za mababu 100 chilichonse, kwa masiku 30:

Zingwe zakale za mawati 40 zimakwana mawati 400. Zikamayaka maola 6 pa tsiku zimadya mayunitsi 72, ndipo zikamayaka maola 12, kuyambira madzulo mpaka kutacha, zimadya mayunitsi 144.

Zingwe za LED za mawati 7 zimakwana mawati 70. Pa maola 6 zimadya mayunitsi 12.6, ndipo pa maola 12 zimadya mayunitsi 25.2.

Koma mwini nyumba akaona kuti LED sidya magetsi ambiri, n'kukoleka zingwe 30 m'malo mwa 10 ndi kuzisiya zikuyaka usiku wonse, mawati amakwana 210, maola amakwana 360, ndipo mayunitsi amafika 75.6. Chiwerengerochi chikuposa mayunitsi 72 amene ankadyedwa ndi zingwe 10 zakale zoyaka maola 6.

Chitsanzo chomalizachi chikusonyeza zimene akatswiri a zachuma akhala akuziona kuyambira kale. Mu 1865 William Stanley Jevons wa ku England anafotokoza kuti makina a nthunzi atayamba kudya malasha ochepa, dziko lonse linayamba kuwotcha malasha ambiri, chifukwa makinawo anatsika mtengo woyendetsera ndipo anachuluka. Pa nkhani ya kuwala, kafukufuku wotsogoleredwa ndi Christopher Kyba, amene anatuluka mu 2017, anapeza kuti malo owalitsidwa usiku pa dziko lapansi ankakula ndi pafupifupi 2.2 peresenti chaka chilichonse pakati pa 2012 ndi 2016, nthawi imene LED inkafalikira.

Njira zochepetsera magetsi

Njira yoyamba ndi kusintha mababu akale n'kuika a LED. Phindu lalikulu limaoneka pa mababu akuluakulu: mababu 100 a C9 akale amakwana mawati 700, zomwe zikufanana ndi chipangizo chachikulu cha m'nyumba choyaka usiku uliwonse. Malo amene amayatsa nyali zambiri kwa maola ambiri, monga masitolo ndi mahotela, amabweza msanga ndalama zogulira LED kusiyana ndi banja limene lili ndi chingwe chimodzi.

Njira yachiwiri ndi kuchepetsa maola, ndipo siifuna ndalama zambiri. Pakati pa usiku ndi m'bandakucha, m'misewu mumakhala anthu ochepa oti n'kuona nyalizo. Kachipangizo kotchedwa timer kamalumikizidwa pakati pa soketi ndi chingwe, ndipo kamayatsa ndi kuzimitsa nyali pa nthawi imene munthu wasankha. Zingwe zambiri zamakono zimabwera ndi timer yake, imene imayatsa maola 6 n'kuzimitsa maola 18. Palinso zipangizo zozindikira kuwala zimene zimayatsa nyali kukada. Zipangizo zoterezi zikakhala zokha zimasiya nyali zikuyaka mpaka kutacha, choncho zimathandiza kwambiri zikaphatikizidwa ndi timer. Kuchepetsa masiku kumagwiranso ntchito mofanana: nyali zoyamba kuyaka pakati pa Disembala zimadya magetsi ochepa kuposa zoyamba mu Novembala.

Njira yachitatu ndi kuchepetsa chiwerengero cha mababu. Okonza zionetsero amaika nyali pamalo ochepa amene amaonekera kumsewu, monga pakhomo kapena pa mtengo umodzi, m'malo mokuta nyumba yonse. Zokongoletsera zonyezimira, monga timipira ta siliva ndi maliboni, zimabweza kuwala kwa mababu ochepa n'kukuchulukitsa m'maso mwa woona popanda kudya magetsi. Nyali imodzi ya LED kapena ya laser yowalitsa timadontho pakhoma imatha kukongoletsa khoma lonse ndi mawati ochepa. Zidole zazikulu zopopa mpweya, zofala m'mabwalo a nyumba ku America, zili ndi kafani kamene kamazungulira nthawi yonse chidolecho chili chiimire, choncho nazonso zimafunika kuikidwa pa timer.

Njira yachinayi ndi nyali za sola. Zimakhala ndi kapanelo kakang'ono, batire lotchajika ndi kachipangizo kozindikira mdima. Masana batire limadzaza, usiku nyali zimayaka zokha, ndipo sizikhudza mita ya magetsi. Mphamvu yake imadalira dzuwa. Ku London, pakati pa Disembala kumawala maola osakwana 8 ndipo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, choncho batire silidzaza bwino ndipo nyali zimazima msanga. Kum'mwera kwa Africa, ku Australia ndi ku South America, Disembala ndi nyengo ya masana aatali, moti nyali za sola zimagwira bwino ntchito, ngakhale kuti mitambo ya nyengo ya mvula imachepetsa mphamvu yake masiku ena. Kapanelo kamafunika kukhala pamalo opanda mthunzi ndi kupukutidwa fumbi, ndipo batire limatha mphamvu pakapita zaka zingapo n'kufunika kusintha.

Zimene mizinda ndi maboma achita

Pa nthawi ya vuto la mafuta mu 1973, mayiko a Aluya otulutsa mafuta atasiya kugulitsa mafuta ku United States, Pulezidenti Richard Nixon analengeza mu Novembala njira zingapo zochepetsera kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu. Imodzi mwa njirazo inali yoti nyali zokongoletsera panja zisayatsidwe. Chaka chimenecho misewu ndi nyumba zambiri zinakhala zopanda nyali pa Khrisimasi. Popeza nyali zokongoletsera za LED kunalibe pamsika, njira yokhayo inali kuzimitsa.

Mtengo wa Khrisimasi wa ku Rockefeller Center, mumzinda wa New York, umene wakhala ukuyatsidwa pamwambo wapadera kuyambira 1933, unasinthidwa kupita ku LED mu 2007. Chaka chimenecho unaikidwa mababu 30,000, ndipo magetsi amene unkadya pa tsiku anatsika kuchoka pa ma kWh 3,510 kufika pa 1,297, kutsika kwa pafupifupi 63 peresenti. Mapanelo a sola anaikidwanso padenga la imodzi mwa nyumba za pamalopo. M'zaka zotsatira chiwerengero cha mababu chinakwera kupitirira 50,000, pa waya wotalika pafupifupi makilomita 8.

Mu 2022 mitengo ya gasi ndi magetsi inakwera kwambiri ku Ulaya Russia italowa m'dziko la Ukraine. Pa nthawiyi mizinda yambiri inali itasintha kale kupita ku LED, choncho chotsala chinali kudula maola ndi masiku. Ku Paris, nyali za mumsewu wa Champs-Élysées zinkazimitsidwa 11:45 usiku m'malo mwa 2 koloko m'bandakucha, ndipo chionetserocho chinatha pa 2 Januwale, mlungu umodzi tsiku la masiku onse lisanafike. Nsanja ya Eiffel nayonso inayamba kuzimitsidwa 11:45 usiku m'malo mwa 1 koloko. Ku Germany, lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Seputembala 2022 linaletsa kwa kanthawi kuwalitsa kunja kwa nyumba za boma ndi zipilala zachikumbutso pofuna kukongoletsa chabe.

Si onse amene amagwirizana ndi kuzimitsa. Eni masitolo ndi mahotela amanena kuti nyali zimakopa ogula ndi alendo pa nyengo imene malonda amayenda kwambiri, ndipo m'mayiko a usiku wautali anthu ambiri amaziona ngati chinthu chosangalatsa mitima m'miyezi yozizira. N'chifukwa chake makhonsolo ambiri amasankha kuchepetsa maola kusiyana ndi kuthetseratu chionetsero.

Chitetezo

Nyali za panja zimakumana ndi mvula, mame ndi fumbi, choncho zimafunika kukhala zopangidwira panja. Pa bokosi pamalembedwa zilembo za IP ndi manambala awiri: yoyamba imanena za chitetezo ku zinthu zolimba ndi fumbi, yachiwiri imanena za madzi. IP44 imapirira madzi owazika, pamene IP65 imatsekereza fumbi ndi kupirira madzi opopedwa. Nyali za m'nyumba zikaikidwa panja zikhoza kugwira munthu shoko kapena kuyambitsa moto.

Mphamvu ya magetsi imasiyana m'mayiko. Ku United States ndi ku Canada soketi imapereka mavoti 120, pamene ku Britain, Malawi, Zambia ndi South Africa imapereka pafupifupi mavoti 230. Chingwe chogulidwa ku America chikalumikizidwa mwachindunji ku soketi ya mavoti 230 chimapsa, pokhapokha ngati chalembedwa kuti chimalandira mphamvu zonse ziwiri.

Kulumikiza zingwe zambiri pa soketi imodzi kumatenthetsa mawaya. Vutoli ndi lalikulu pa mababu akale, ndipo opanga amalemba malire a zingwe zimene zingalumikizidwe motsatizana. Soketi ya panja imafunika kukhala ndi swichi yodula magetsi yokha akamathawira pansi, imene ku Britain imatchedwa RCD ndipo ku America GFCI. Chingwe chosupuka kapena chokhala ndi waya woonekera sichiyenera kugwiritsidwanso ntchito, ndipo misomali yokhomera isaboole chingwe.

Zotsatira pa chilengedwe

Phindu la kuchepetsa magetsi pa mpweya woipa limadalira kumene magetsiwo akuchokera. M'dziko ngati South Africa, kumene magetsi ambiri amapangidwa ndi malasha, yuniti iliyonse yosagwiritsidwa ntchito imachepetsa utsi wochuluka kuposa m'dziko lodalira madzi kapena mphamvu ya nyukiliya. Kumene magetsi ndi osakwanira ndipo amazimitsidwa mosinthana m'madera, phindu lake limaonekera pa kuchepetsa katundu pa nthawi ya madzulo.

Kuwala kwa usiku kumasokonezanso zamoyo. Mbalame zouluka usiku zimasochera ndi nyali zowala kwambiri, ndipo tizilombo timazungulira nyali mpaka kufa kapena kudyedwa, monga momwe ngumbi zimaunjikanira pa getsi mvula zoyamba zikagwa. Kuwala koyera kopita ku buluu kumakopa tizilombo kwambiri kuposa kuwala kofiirira kapena kwachikasu. Kuzimitsa nyali pakati pa usiku kumachepetsa vutoli pamodzi ndi bilu ya magetsi.

Zingwe zotha ntchito zili m'gulu la zinyalala za zipangizo zamagetsi. Muli waya wa kopa umene ungasungunulidwe n'kugwiritsidwanso ntchito, ndipo tauni ya Shijiao kum'mwera kwa China inadziwika ndi mafakitale ogaya zingwe zakale zochokera kunja, n'kulekanitsa kopa ndi pulasitiki. Mabatire a nyali za sola sayenera kuwotchedwa kapena kutayidwa kudzala. Chingwe chosungidwa pamalo ouma, chokulungidwa bwino pa katoni, chimagwira ntchito zaka zambiri, ndipo izi zimachepetsa mphamvu ndi zipangizo zofunika popanga zingwe zatsopano.